Makoko Khumi m'Chipewa cha Tiburcio

Realitos, Texas
6 Febuluwale 2023

Mwana wanga Herlinda,

Tiburcio Hinojosa akadali moyo. Ndayamba ndi iyeyo kuti usavutike kufunsa. Ndinamuona Lamulungu akutuluka m'tchalitchi, chipewa changa chili pamutu pake, akupereka moni uku ndi uku ngati munthu wopanda mlandu. Ine ndili bwino pang'ono, kaya inu ku Omaha ndi mwamuna wako ndi mdzukulu wanga Maritza. Usandiimbire foni. Makutu anatha ndi mfuti, pa foni ndimangomva ngati njuchi yalowa m'botolo. Lemba kalata, maso akadalipo.

Dokotala wa ku Alice akuti mtima wanga watopa. Akuti ndisiye nyama yamafuta, ndisiyenso kukwiya. Nyama ndikusiya Lachisanu lililonse. Kukwiya sindingathe, chifukwa mlandu suola.

Unali ndi zaka khumi ndi zisanu pamene zinachitika, mutu uli ku diresi ndi kwa anyamata, choncho ndikufotokozerenso. Munali mu Meyi 2003, Lamulungu la chikondwerero cha San Isidro, woyera wa alimi, patangopita sabata chichitikire phwando lako lija la zaka khumi ndi zisanu. Misa itatha, amuna tinapita kuseri kwa holo ku mpikisano wowombera chandamale. Mphoto inali chipewa choyera chaubweya. Ine ndinabwera ndi mfuti yanga yaifupi ija, yomanga ndekha, ya mapepala onse a boma.

Mfuti yaifupi ili ngati munthu wamfupi, sichedwa kupsa mtima. Mpweya wa wonga umabwerera msanga kukakankha chitsulo chotulutsa khoko la chipolopolo, ndipo ngati kumbuyo kulibe cholemera chochigwira, chitsulocho chimathamanga ngati mbuzi yodula chingwe. Cholemeracho ndi kapaipi kotalika ngati chala, ine ndimakatcha mtsamiro. M'kati mwake ndinaikamo timiyala titatu ta tangisiteni, chitsulo cholemera kuposa mtovu, chosachita dzimbiri. Ndipo mfuti yabwino umaidziwira ku makoko. Kumene kwaloza mpope ndi 12 koloko, kudzanja lamanja ndi 3 koloko. Makoko akamagwera ku 1 koloko, mpweya wachuluka kapena mtsamiro wapepuka. Akamagwera ku 5 koloko, mfuti ili ndi njala. Yanga inkawaunjika pa 4 koloko, onse malo amodzi, moti ukanatha kutcherapo mbale.

Tsiku limenelo khoko loyamba linauluka ku 1 koloko, linagunda mzati wa chisakasa, n'kubwerera kudzalowa m'khosi mwa bambo mfumu wa ku Poland uja, amene anaima kumbuyo kwanga ngati woweruza. Khoko limatuluka lotentha. Bambo mfumu anavina gule amene tinali tisanamuonepo, n'kutchula mawu amene m'Misa mulibe. Kuwombera kachitatu, mfuti inatsamwa n'kukhala chete. Tiburcio anatenga chipewa. Ine ndinatenga dzina. Mpaka lero ku golosale amanditcha Chiwotcha-ansembe, ndipo amene ankabweretsa mfuti zawo kuti ndiwakonzere anasamukira kwa iye.

Nditafika kunyumba ndinatsegula mtsamiro. Timiyala tanga munalibe, munali timitengo titatu todula bwino. Pa kamsomali kotsekera panali chipsera chonga mwezi wongooneka kumene, chimene chimasiyidwa ndi chokhomera chimodzi chokha m'dera lonse lino, chopindika kunsonga, cha Tiburcio. Kompadre wanga, munthu amene anakunyamula pa ubatizo. Nditamufunsa anangoyang'ana pansi n'kunena kuti, "Kompadre, Mulungu akudziwa." Mayi ako malemu Nicolasa anandichonderera kuti nkhaniyo ndiisiye. Ndinakulunga mfuti m'bulangete, ndipo Tiburcio sindinamulankhulenso.

Tsopano ndaitulutsa. Sindikufuna kulowa m'manda ndi dzina lopatsidwa ku golosale. Ndithana ndi Tiburcio tsiku la San Isidro chaka chino, pamaso pa anthu onse. Unditumizire mtsamiro wolemera, wa timiyala titatu ta tangisiteni. Ukawaonetse a m'sitolo pepala ndajambulali. Kuno sitolo ya mfuti ndi imodzi, ya mwana wa Tiburcio, ndipo phazi langa silingapondemo. Usauze munthu.

Bambo wako,
Anacleto Longoria

Omaha
24 Febuluwale 2023

Bambo okondedwa,

Tili bwino tonse, kungoti kuzizira. Maritza akuti ndikupsompsoneni pamphumi. Kodi mankhwala a mtima mukumwa, kapena mwawaika pamwamba pa firiji limodzi ndi a chaka chatha?

Kalata yanu ndaiwerenga katatu ndipo chakudya chandikanika. Bambo, muli ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi. Kodi mwaganizira za ndende? Kuchipatala kuno timalandira akaidi okalamba, amabwera atamangidwa unyolo kumwendo, ndipo chakudya chawo inu simungachilawe. Ganizirani Maritza. Phwando lake la zaka khumi ndi zisanu lili mu Juni, ndipo gule woyamba akufuna kuvina ndi agogo ake, osati kukawaona kuseri kwa galasi.

A Tiburcio anakulakwirani, sindikukana. Koma papita zaka makumi awiri. Bambo mfumu aja anabwerera kwawo kalekale, ndipo ndinamva kuti nkhaniyi ankaisimba okha akuseka, akuonetsa anthu kachipsera.

Za chinthu chanucho, ndinapita ku sitolo koma akuti chatha. Magalimoto sakuyenda chifukwa cha chipale chofewa. Mwina chifika mu Julaye.

Ine ndili ndi pempho langa. Maritza waona zithunzi za phwando langa ndipo akufuna kuvala diresi yomwe ija, yosoka mayi. Ndikukhulupirira ikadali m'bokosi. Munditumizire msanga kuti telala aikonze, poti mwanayu ndi wamtali kundiposa.

Pitani kukalapa, Bambo. Nthawi ya Lenti ndi ino.

Mwana wanu,
Herlinda

Realitos
9 Malichi 2023

Herlinda,

Moni kumeneko. Kuno mvula kulibe, nguluwe zafukula munda wa mavwende mbali yonse ya kumpoto. Mankhwala ndikumwa ndikawaona.

Ndende ya chiyani? Ndinakuuza kuti mfutiyi ili ndi mapepala. Ndinadikira miyezi isanu ndi iwiri, anandidinda zala zonse khumi, sitampa ya boma ili m'Baibulo la mayi ako. Ndinasiya sukulu ndili giredi sikisi kukathyola thonje, koma malamulo a ntchito yanga ndimawadziwa kuposa loya. Iweyo ndi sukulu yako yonseyo ukuganiza kuti mfuti ikafupika ndiye kuti ndi yakuba.

Za chipale usandinamize. Ndimaonera zanyengo pa kanema, ku Omaha kukuwala dzuwa kuyambira Lolemba. Unali wabodza losapsa kuyambira uli mwana, unkabisa nyemba zimene sukuzifuna pansi pa mbale ngati mbale sidzatsukidwa.

Ine kuno sindinangokhala. Ndaikamo kabawuti kotsegulira ndi kutsekera mpweya, kamene masiku ano anyamata amagula, koma kanga ndasula ndekha. Katha bwino. Komabe mpweya ndi mtsamiro zili ngati mwamuna ndi mkazi, ukakonza mmodzi yekha nyumba simakhala. Ndapitanso kuseri kwa holo ndi chingwe choyezera. Mzati uja ukadalipo. Ndayeza pamene ndidzagone ine ndi pamene adzaime Tiburcio, ndipo ndakhomapo kachikhomo kuti pasadzakhale kutsutsana.

Diresi ilipo. Ili m'bokosi la mkungudza, momwe inabwerera kochapitsa ku Laredo, yomatidwa m'pepala lake. Sindinaikhudzepo. Ituluka m'nyumba muno tsiku limene mtsamiro ulowa. Usati ndine wouma mtima, malonda ndi malonda.

Ukatumiza uikemonso chipande chachitali cha mtengo. Cha mayi ako chija n'chachifupi, ndimapsa zala tsiku lililonse potakasa nyemba. Sindikudziwa chifukwa chake mkazi wanzeru ngati uja ankasunga chipande chopanda mpini.

Kolapa ndinapita. Ndinaulula zonse kupatula zimene si zanga.

Bambo wako

Omaha
21 Malichi 2023

Bambo,

Moni. Nkhani ya kachikhomo ija yandidwalitsa mutu masiku atatu, mpaka kuntchito anandibweza kunyumba.

Chinthu chanu ndi ichi. Munthu wa m'sitolo akuti n'chabwino kwambiri kwa munthu wa msinkhu wanu. Chipande ndaikamo, ndi masokosi awiri. Tsopano tumizani diresi, telala akudikira.

Ndikukupemphani chinthu chimodzi. Wina akabwera kudzacheza nanu masiku ano, mumulandire bwino. Chilichonse chimene ndachita, ndachita chifukwa ndinu bambo anga ndipo ndilibe ena.

Herlinda

Realitos
3 Epulo 2023

Herlinda,

Moni ndikupatsa chifukwa ndi mwambo.

Phukusi lako linafika. Nditangounyamula mtsamirowo, dzanja linandiuza kale. Ndinautsegula: timiyala titatu ta chitsulo wamba, topepuka ngati mawu a wandale. Ndinati mwina dzanja lakalamba, ndiyese. Ndinagona pansi pa mtengo kuseri kwa khola, n'kuwombera katatu. Makoko onse ku 1 koloko. Lachiwiri linagunda thanki ya madzi n'kubwerera pamsana pa tambala. Tambalayo tsopano akandiona amazungulira kuseri kwa nyumba. Nditatseka mpweya kuti ichepe ukali, inayamba kufa ndi njala, makoko osatuluka n'komwe. Pakati palibe. Mtsamiro wotere ndi wa mfuti yaitali yaulemu, osati yanga.

Ndili m'kati moganiza kuti a m'sitolo anakubera, panafika galimoto ya apolisi. Anatsika Rogelio, mwana wa Chencha, amene ndinamuphunzitsa ine kugwira mfuti. Anavula chipewa, anakana khofi, anakhala pampando ngati pali minga. Anafunsa za mavwende, za mvula, za bondo langa. Kenaka anandilembera papepala, poti kukuwa anatopa: Don Cleto, kodi n'zoona kuti mukufuna kupha Don Tiburcio?

Ndi pamene ndinadziwa ntchito zako. Akuti unaimbira mkazi wa Tiburcio ukulira. Akuti Tiburcio wapemphera ku Benavides masabata awiri, ndipo akapita ku golosale amaimika galimoto choyang'ana kumsewu, injini osazimitsa. Akuti azimayi opemphera Kolona ayamba kundipempherera mondichula dzina. Kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo kandimverereyo ndinabala ndekha.

Ndinamuyankha Rogelio kuti, "Ndimuphe kuti ndipindulenji? Wakufa savomera mlandu. Munthu ameneyo ndimamupempherera tsiku lililonse kuti asafe ndisanathane naye."

Rogelio anaseka mpaka anapempha khofi uja.

Tsopano tamvera, poti zikuoneka kuti anamwino amafunika kuwalembera ngati ana. Ndikufuna kugona pamalo pomwe paja, ndi mfuti yomwe ija, ndi mtsamiro wolemera ngati umene anandibera. Ndiwombere kakhumi, anthu aone makoko akuunjikana pa 4 koloko. Tiburcio aime pa kachikhomo kumbuyo kwanga, pamene anaima bambo mfumu, anene ndi pakamwa pake kuti mfuti ya Anacleto inalibe vuto, anaiwononga ndi iye. Basi. Chandamale ndi pepala. Zaka zonsezi ndapha nguluwe ndi njoka zokha, ndipo mwana wanga yemwe akundiona ngati chigawenga.

Tiburcio anandiikira mitengo, iwe wandiikira zopepuka. Wokunyamula pa ubatizo anakupatsira ndithu.

Diresi ndatumiza, chifukwa ndinati mtsamiro ukalowa ituluka, ndipo sindinanene kuti wolemera bwanji. Kulakwa n'kwanga. Mtsikana wa ku positi poikweza pa sikelo anafunsa ngati muli nsapato. Chipande chatsopano n'chabwino, koma nyemba sizikukoma.

A. Longoria

Omaha
17 Epulo 2023

Bambo anga okondedwa,

Ndikhululukireni. N'zoona, ndinamuuza munthu wa m'sitolo kuti andipatse chimene chingalepheretse mfuti kugwira ntchito. Anandiyang'ana nthawi yaitali, akuti pa zaka zake zonse palibe anapemphapo zimenezo. Koma inunso, Bambo, munthu amalemba kuti ndithana naye pamaso pa anthu, ndakhoma kachikhomo, usauze munthu, ndiye mwana aganize chiyani?

Tsopano khalani pansi musanapitirize, ndipo mumwe kaye mankhwala.

Diresi inafika. Maritza ataivala inalekeza pamwamba pa akakolo, choncho telala anati asomole mpendero kuti aitalikitse. Ali m'kati mosomola, china chinagwa pansi, phokoso lake ngati nyundo. M'mpenderomo munali timatumba titatu, kena kutsogolo, tiwiri m'mbali, tosokedwa ndi ulusi wopanikiza uja wa mayi. M'kathumba kalikonse munali kachitsulo kotuwa, kobulungira, kakafupi ngati nsonga ya chala, koma kolemera modabwitsa. Kopanda dzimbiri ngakhale pang'ono.

Ndinakhala pansi m'sitolo ya telala, ndipo zonse zinabwerera. Kutatsala masiku awiri kuti phwando langa lichitike tinapita kukayeserera pa masitepe a tchalitchi. Kunali mphepo ija ya mu Meyi. Diresi inauluka mpaka kumaso, anyamata onse khumi ndi anayi ondiperekeza pa phwando ali pomwepo. Ndinalira njira yonse, ndinati sindivalanso, phwando lithe. Mayi anangoti, "Tonthola, ndikonza." Tsiku la phwando mphepo inagwetsa tenti ya oimba, koma diresi yanga inangoti njo. Ndinkayesa ndi mapemphero.

Ndaikamo kamodzi m'kalata muno, ndakakulunga m'sokosi. Inu ndi amene mungakadziwe.

Ndinawaimbira a Tiburcio. Anakhosomola, n'kunena kuti poti diresi yalankhula yokha, iwo amasuka. Akuti akulemberani. Chonde muwerenge, musaponye pamoto.

Mwana wanu wabodza losapsa,
Herlinda

Realitos
24 Epulo 2023

Kompadre Cleto,

Moni wa zaka makumi awiri ndi uyu, ulandire wonse pamodzi. Ndikulemba kalata ngakhale nyumba yako ndimaiona ndikaima pa khola langa, chifukwa ndikabwera ndekha sundimva, ndipo mwina sundimvera.

Inde, mtsamiro wako ndinatsegula ndine. Sindinakanepo. Komadre Nicolasa anabwera nawo kwathu Lachisanu m'mawa, iwe utapita kukatenga mbuzi za phwando, ataukulunga m'kansalu kokulungira matotiya, tibuledi tathu tija tachimanga. Anati akufuna timiyala ta m'katimo. Ndinamuuza kuti atenge mtovu wa mbedza. Anati mtovu udetsa nsalu yoyera. Ndinati atenge manati a thirakitala. Anati achita dzimbiri mwana akatuluka thukuta. Anati, "Ndamva ulaliki wa tangisiteni pa tebulo langa chaka chathunthu, m'mawa ndi madzulo. Lero undithandize."

Ukuona, kompadre, ukanakhala wolankhula pang'ono pakudya, bwenzi zonsezi kulibe.

Timitengo anadula yekha ku chipande chake, kuti mtsamiro usamveke wopanda kanthu ukaugwedeza. Pangano linali loti phwando likatha abweza, ine ndidzatsekenso, iwe osadziwa. Koma Lolemba mlamu wako Eduviges ananyamula diresi kupita nayo ku Laredo kochapitsa osauza munthu, ndipo inabwera patatha mwezi. Nicolasa ankayembekeza kuti uyesa mfuti usanapite ku mpikisano, uona vuto, ukonza. Ndani sayesa? Koma iwe unkayenda ukulengeza kuti mfuti yokonza Anacleto siyesedwa kawiri.

Zitachitika zija anabweranso kwathu. Anandilumbiritsa pa mutu wa Herlinda kuti ndisadzanene. Anati akuuza yekha ukazizira. Sunazizire. Chaka chimene ankadwala anandiitanitsa iwe uli ku famase, anati wayesa kangapo, koma akangoyamba, iwe umayamba kutukwana ine mokoma kwambiri moti amasowa polowera.

Tsopano langa ndi ili, ndipo n'limene ndakhala ndikulapa kwa ansembe anayi osiyanasiyana. Lamulungu lija, uli kuyala bulangete lako pansi, ndinkadziwa kuti m'mfutimo muli chipande. Ndikanatha kukukokera pambali n'kunena kuti kompadre, bwereka yanga. Lumbiro linali lisanabwere. Koma ndinayang'ana chipewa chija pa tebulo, ndipo ndinadziwa kuti mfuti yako ikakhala bwino sindichiona. Ndinatseka pakamwa. Chipewacho n'chothina, chimandipweteka mutu kuyambira tsiku loyamba, koma ndikanachivula anthu akanafunsa.

M'phukusimu muli mtsamiro wolemera wochokera ku sitolo ya mwana wanga. Ndikudziwa kuti uutsegula. Tsegula.

Pa San Isidro ndibwera. Ukafuna ndinene zonse, ndinena, ndi dzina la Nicolasa lomwe, poti popanda ilo nkhaniyi simveka. Ukafuna chipewa, tenga. Koma chonde uuze Rogelio kuti zatha, mafuta opitira ku Benavides andimaliza ndipo wansembe wa kumeneko amalalika ola lathunthu.

Kompadre wako ngakhale usafune,
Tiburcio Hinojosa

Realitos
2 Meyi 2023

Mwana wanga Herlinda,

Moni kwa nonse. Ndili moyo, ngakhale kalata ziwiri zija zinayesetsa.

Kachitsulo ndinakadziwa kasanatuluke m'sokosi. Kali ndi kamzere kamene ndinakalemba ndekha ndi tupa. Ndinakaika pa tebulo, n'kukatenga kachitini kamene ndasungamo timitengo tija zaka makumi awiri ngati umboni wa mlandu. Ndinatenganso chipande chachifupi cha mayi ako. Ndinalumikiza timitengo kumpini, kamodzi, kawiri, katatu. Chipande chinakwanira. Umboni wina unali m'kachitini, wina ndinkatakasira nyemba, wina unali m'bokosi kumiyendo kwa bedi langa. Ndipo ine ndi amene ndimati ndimadziwa kuwerenga pamene zinthu zagwera.

Ndinapita kumanda Lachinayi. Ndinamuuza mayi ako mawu angapo. Ndinamuuza kuti akanapempha ndikanamupatsa. Kenaka ndinakhala pa benchi paja n'kuganiza bwino, ndipo ndinabwerera kukamuuza kuti ayi, sindikanamupatsa, anachita bwino kuba. Ndinaona zithunzi za phwando lako. Diresi inaima bwino. Timiyala titatu, kutsogolo ndi m'mbali, kulemera kofanana. Mkazi uja ankamvetsera.

Mtsamiro wa Tiburcio ndinautsegula. Ndi tangisiteni weniweni, ndinayeza kamodzikamodzi. Ndinauika m'mfuti, ndinatseka mpweya wonse, n'kumatsegula pang'onopang'ono, chipolopolo chimodzi, kabawuti pang'ono, chipolopolo china, mpaka mfuti inayamba kudya ndi kulavula mwaulemu. Ndinawonjezera pang'ono pokonzekera tsiku lozizira. Ndinatchera mbale ya tambala pa 4 koloko. Makoko khumi, onse m'mbale. Ndayesa kawiri. Ulembe tsikuli penapake.

Kachitsulo kaja ndakabweza m'kalata muno. Telala akasokere momwe kanalili, tonse titatu. Ku Omaha nakonso kuli mphepo, ndimaona pa kanema, ndipo sindikufuna mdzukulu wanga alire pa masitepe. Gule woyamba ndidzavina, bondo likalola.

Tsopano za San Isidro. Tiburcio akuti anena zonse ndi dzina la mayi ako. Ayi. Ku golosale kuja akangomva, Nicolasa adzakhala mkazi amene anaika chipande m'mfuti, ndipo adzamuseka anthu amene sankayenera ngakhale kumunyamulira dengu. Iye sangadzuke kudzawayankha. Kuli bwino ndife ndili Chiwotcha-ansembe. Umuuze Tiburcio kuti lumbiro lake likadalipo, ndipo iwenso ndi telala wakoyo mutseke pakamwa.

Usaganize kuti ndamukhululukira. Za mtsamiro ndamuchotsera. Za kutseka pakamwa chifukwa cha chipewa, zimenezo wanena yekha, ndipo ndi mlandu watsopano, wa sabata imodzi yokha, ukadali wauwisi. Chipewacho sindichifuna. Chakhala pamutu pake zaka makumi awiri, chaphunzira makhalidwe ake.

Umuimbire foni, poti inu awiri mumamvana, umuuze chimene ndikufuna ndisanafe, ndipo ndi chimodzi chokha. Kachikhomo ndakasuntha. Lamulungu pa 21 Meyi, Misa ikatha, aime kumbuyo kwanga kudzanja lamanja, pa 4 koloko. Avule chipewa, achigwire chagada ndi manja awiri, asachisunthe kutsatira khoko, makoko adzachipeza okha. Akatentha nsalu ya m'kati, atenthe. Akakwana khumi, asafotokoze kanthu, asapepese, asatchule munthu wina aliyense. Angokweza chipewacho kuti anthu aone, n'kunditchula dzina limene anandipatsa mayi anga, lonse, Anacleto Longoria.

Ndipo umuuze akuwe. Ndikapanda kumva, tiyambiranso.

Bambo wako